Mpweya ukayamba kuchepa m'ndege: chifukwa chake oyendetsa odziwa ntchito amatha kukomoka alamu ikulira

Ndege zonyamula anthu zimauluka pamtunda wa mafiti 30,000 mpaka 41,000, omwe ndi makilomita 9 mpaka 12 kuchokera pansi. Kumeneko munthu sangakhale moyo nthawi yaitali popanda chithandizo. Sikuti okosijeni kulibe ayi, gawo lake mumpweya limakhalabe 21 peresenti monga pansi pano. Chimene chimachepa ndi mphamvu imene mpweya umapanikiza nayo zinthu, imene ambiri amangoti pulesha. Pa mafiti 18,000 pulesha imatsika ndi theka, ndipo pa mafiti 35,000 imatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mapapo amadalira mphamvu imeneyi kuti akankhire okosijeni m'magazi. Ikachepa, munthu amapuma ndithu, chifuwa chikukwera ndi kutsika, koma magazi amachoka m'mapapo alibe okosijeni wokwanira.

N'chifukwa chake ndege imapopedwa mpweya m'kati nthawi yonse ya ulendo. Cholinga si kufikitsa pulesha pamlingo wa pansi, chifukwa zimenezo zikanafuna ndege yochindikala ndi yolemera kwambiri. Malamulo amangofuna kuti mpweya wa m'kabini, mmene mumakhala anthu, usakhale wopepuka kuposa wa pa mafiti 8,000 zinthu zikakhala bwino. Oyendetsa ndege amayeza pulesha ya m'kati motero, mwa mafiti, ndipo amaitcha cabin altitude. Ndege ikhoza kukhala pa mafiti 37,000 kabini ili pa 7,000. Kusiyana kwa pulesha ya m'kati ndi ya kunja kumafika pafupifupi 8 psi (psi ndi muyezo wa pulesha), kutanthauza kuti sikweya mita iliyonse ya khoma la ndege ikukankhidwira kunja ndi mphamvu yoposa matani 5.

Mpweyawo umachokera ku injini. Injini ya jeti isanawotche mafuta imayamba yapanikiza mpweya, ndipo pang'ono pa mpweya wopanikizikawo umapatutsidwa kudzera m'mavalavu otchedwa bleed. Umakhala wotentha, madigiri pafupifupi 200, choncho umayamba wadutsa m'makina awiri oziziritsa otchedwa ma pack, amene amakhala kumimba kwa ndege pakati pa mapiko. Ukachoka apo umasakanizidwa ndi mpweya wina wa m'kabini womwe wasefedwa, n'kutumizidwa kwa anthu. Boeing 787 ndi yosiyana pang'ono, chifukwa imapopa mpweya ndi makina amagetsi osatenga ku injini, koma zina zonse n'chimodzimodzi.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti ndege si chitini chotsekeratu. Mpweya umalowa mosalekeza ndipo umatulukanso mosalekeza. Potulukira pake pali kachitseko kotchedwa outflow valve, kamene pa Boeing 737 kali chakumbuyo, kunsi, mbali ya kumanja. Zili ngati ndowa yobooka pansi imene ikulandira madzi a pampopi: kuchuluka kwa madzi m'ndowamo kumadalira kukula kwa bowolo. Valavu ikatsekeka pang'ono pulesha imakwera, ikatseguka imatsika. Kompyuta ndi imene imaiyendetsa, ndipo imachita mofatsa kuti makutu asapweteke: pokwera kabini imakwera mafiti pafupifupi 500 pamphindi ngakhale ndege ikukwera 2,000 kapena 3,000, ndipo potsika imatsika pafupifupi 300 pamphindi. Palinso mavalavu ena oteteza, amene amatseguka okha pulesha ya m'kati ikapyola malire, kapena ya kunja ikaposa ya m'kati.

Apa zikuoneka kuti pulesha ingatayike m'njira zitatu. Mwina mpweya sukulowa, mwina valavu yotulutsira yatseguka mopyola, mwina ndege yabooka. Njira yachitatuyi ndi imene imatchuka m'nyuzi. Mu Epulo 1988 denga la ndege ya Aloha Airlines linang'ambika pa mafiti 24,000 ku Hawaii, ndipo mu Januwale 2024 chotsekera khomo cha ndege ya Alaska Airlines chinathothoka itangonyamuka ku Portland, chifukwa mabawuti anayi ochigwira sanabwezeretsedwe. Zoterezi n'zoopsa, koma sizibisika. Pamamveka chiphokoso, m'kabini mumachita nkhungu kuti mbuu, mapepala amauluka, makutu amapweteka. Oyendetsa amadziwa pomwepo chimene chachitika, ndipo ndege ziwiri zonsezi zinatera. Njira ziwiri zoyambazo ndi zimene zimabwera mwakachetechete, ndipo kawirikawiri zimayambira pa swichi imene dzanja la munthu linasiya pamalo olakwika.

Chimene chimachitika m'mutu

Kuperewera kwa okosijeni m'thupi, kumene madokotala amati hypoxia, kuli ndi khalidwe limodzi loipitsitsa: sikumveka ngati kubanika. Chimene chimapangitsa munthu kumva kuti akubanika ndi kuchuluka kwa mpweya woipa m'magazi, osati kuchepa kwa okosijeni. Kumwamba mpweya woipawo umatuluka bwinobwino, ndiye thupi silichenjeza. M'malo mwake munthu amamva dzanzi m'zala, kutentha kapena kuzizira kumaso, mutu kupepuka, maso kuona pafupi pokha ngati akusuzumira m'paipi. Milomo ndi zikhadabo zimayamba kubiriwira. Ambiri amamva kukoma mumtima, amadzidalira, amaona ngati zonse zikuyenda. Chiwalo choyamba kufooka ndi ubongo, womwenso ndi umene umayenera kuzindikira kuti china chalakwika. Woyendetsa amakakamira pa ganizo limodzi, amabwereza funso lomwelo, ndipo akauzidwa zochita amavomera koma osachita.

Pali nthawi imene munthu angathebe kuganiza ndi kugwira ntchito okosijeni akachepa, ndipo oyendetsa onse amaiphunzira. Pa mafiti 18,000 ndi mphindi 20 mpaka 30. Pa 25,000 ndi mphindi 3 mpaka 5. Pa 30,000 ndi mphindi imodzi kapena ziwiri, pa 35,000 ndi masekondi 30 mpaka 60, ndipo pa 40,000 ndi masekondi 15 mpaka 20 okha. Pulesha ikatayika mwadzidzidzi nthawizi zimatha kufupika ndi theka, chifukwa mpweya umasololoka m'mapapo mokakamiza. Kusuta, kutopa, matenda ndi kuyendayenda zimafupikitsanso. Komabe manambalawa asanamize munthu. Akunena nthawi imene munthu amasiyiratu kuchita chanzeru, pomwe kuganiza kumayamba kusokonekera kale nthawiyo isanakwane.

Pofuna kuteteza zimenezi, ndege ili ndi malire awiri. Pa 737, kabini ikafika mafiti 10,000 hutala imalira mu kokipiti, chipinda cha oyendetsa. Ikafika 14,000 mamasiki a okwera amagwa okha. Pakati pa alamu ndi kukomoka pali mpata wokwanira ndithu, ngati alamuyo yamvedwa bwino tanthauzo lake.

Helios 522

Ngozi imene inaphunzitsa dziko lonse nkhaniyi inachitika pa 14 Ogasiti 2005. Ndege ya Boeing 737-300 ya kampani ya Helios Airways inkachoka ku Larnaca, ku Cyprus, kupita ku Athens kenako ku Prague, ili ndi anthu 121. Usiku wathawo inali itachokera ku London, ndipo ogwira ntchito anadandaula za phokoso ndi chisanu pachitseko chakumbuyo. Kuti aone ngati chitsekocho chikutaya mpweya, injiniya anapopa ndegeyo ili pansi. Pochita zimenezi amafunika kuchotsa swichi ya pulesha pa AUTO n'kuiika pa MAN, kuti valavu yotulutsira aziiyendetsa ndi dzanja. Sanapeze vuto. Ofufuza anapeza kuti swichiyo inatsala pa MAN, valavu ili yotseguka pang'ono.

Pa MAN kompyuta sikhudzanso valavu. Imakhala pomwe yasiyidwa. Oyendetsa anali ndi mipata itatu yoonera swichiyo: pokonzekera ulendo, pochita chekilisiti (mndandanda wa zinthu zoyenera kuona) ndege isanachoke, ndi pochita chekilisiti ya itangonyamuka. Katatu konse sinaoneke. Ndege inanyamuka 9:07 m'mawa, ndipo pamene inkakwera, kabini inkakweranso motsatira.

Patapita mphindi pafupifupi 5, ndege ili pa mafiti 12,000, hutala inalira. Apa ndi pamene panali msampha. Pa 737 hutala yomweyo, ndi kaliridwe komweko kodukizadukiza, inali ndi ntchito ziwiri. Pansi imachenjeza kuti ndege sinakonzeke kunyamuka, mwachitsanzo mafulapu, zigawo zosuntha za kumbuyo kwa mapiko, sali pamalo ake. Mumlengalenga imatanthauza chinthu chimodzi chokha, kuti kabini yapyola mafiti 10,000. Woyendetsa amaimva kambiri m'tanthauzo loyambalo, chifukwa imayesedwa pansi, pomwe m'tanthauzo lachiwirilo akhoza kugwira ntchito zaka osaimva. Kaputeni anaimbira ofesi ya kampani pawailesi n'kunena kuti alamu ya kunyamuka ikulira. Anaitenga ngati alamu yonama.

Kenako panayaka nyali zosonyeza kuti zipangizo zamagetsi sizikuzizira bwino. Chifukwa chake chinali chomwecho, mpweya unali utapepuka moti mafani sankakankha wokwanira, koma kwa oyendetsa linaoneka ngati vuto lina lapadera, ndipo mtima wawo wonse unapita pamenepo. Ndege itafika mafiti pafupifupi 18,000 mamasiki a okwera anagwa. Mu kokipiti nyali yosonyeza zimenezi ili kudenga chakumbuyo, ndipo sinaoneke. Injiniya yemwe uja, ali pawailesi, anafunsa funso lenileni: kodi pulesha ili pa AUTO? Kaputeni sanayankhe funsolo. Anafunsa za komwe kuli ma circuit breaker (maswichi odula magetsi) a makina oziziritsa. Uku ndiye kukakamira pa ganizo limodzi kumene hypoxia imabweretsa. Mphindi 13 chinyamukire, wailesi inangoti zii. Kwa mphindi pafupifupi 8 chiyambire alamu, masiki ya aliyense inali m'bokosi pambali pa mpando wake.

Autopilot, chipangizo choyendetsa ndege chokha, inapitiriza kukweza ndege kufika mafiti 34,000, inatsata njira mpaka ku Athens, n'kuyamba kuzungulira pamalo odikirira. Ndege ziwiri za nkhondo za F-16 za dziko la Greece zitaiyandikira, asilikali anaona mpando wa kaputeni uli wopanda munthu, wachiwiri wake atagwera kutsogolo, ndipo mamasiki ali lende m'kabini. Nthawi ya 11:49 mmodzi wa othandiza okwera, amene anakhalabe maso pogwiritsa ntchito mabotolo a okosijeni onyamula pamanja, analowa mu kokipiti. Anali ndi laisensi yoyendetsa ndege koma sanaphunzire 737. Posakhalitsa injini yakumanzere inazima mafuta atatha, yakumanja inatsatira patapita mphindi 10, ndipo ndegeyo inagwa pafupi ndi mudzi wa Grammatiko patangodutsa 12 koloko. Palibe anapulumuka.

Lipoti la ofufuza a ku Greece la mu 2006 linanena mosabisa kuti oyendetsa analephera kuona swichi ndiponso kuzindikira alamu. Koma silinathere pamenepo. Linatchulanso kufooka kwa kayendetsedwe ndi chitetezo m'kampaniyo, kulephera kwa bungwe la boma loyang'anira ndege, ndi kusachitapo kanthu mokwanira kwa opanga ndege pa zochitika zofanana zimene zinanenedwapo kale. Mfundo yomalizayi ndi yolemera. Ngati oyendetsa ambiri a makampani osiyanasiyana amasokonezeka ndi hutala imodzi, vuto lili pa hutalayo komanso pa anthu. Mu 2011 bungwe la FAA la ku America linalamula kuti ndege za 737 zakale ziikidwe nyali ziwiri zosiyana, ina yonena za kabini, ina yonena za kunyamuka, kuti hutala ikalira maso aone chimene ikunena.

Kuyang'ana koma osaona

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti: anthu awiri ophunzira angadumphe bwanji swichi imodzi katatu? Yankho lili pa mmene diso limagwirira ntchito likazolowera. Swichi imeneyi sikhudzidwa kawirikawiri. Woyendetsa amaipeza pa AUTO lero, mawa, mwezi wonse, chaka chonse. Pakapita nthawi diso limangodutsapo, pakamwa n'kuyankha zimene pamayankha masiku onse. Chekilisiti imasanduka nyimbo yoloweza. Nyali yobiriwira yolembedwa MANUAL imayaka ndithu, koma mtundu wobiriwira mu kokipiti umatanthauza kuti zili bwino, ndipo dzuwa la m'mawa likawomba padenga nyali yoteroyo imazimirira. Ndiye makampani abwino amaphunzitsa kuti poyankha chekilisiti munthu aziloza kapena kukhudza swichiyo, n'kunena chimene akuona osati chimene akuyembekezera. Amaphunzitsanso kuti ndege ikachokera kwa amakanika, woyendetsa awerenge buku la zokonza n'kudzifunsa kuti ntchito imeneyi inafuna kusuntha maswichi ati.

Cholakwa china chofala kwambiri ndi cha maswichi a bleed ndi ma pack. Ndege ikalemera, kukatentha, kapena msewu wonyamukira ukakhala waufupi, oyendetsa amatha kutseka bleed ya injini kuti mphamvu yonse ipite ponyamuka. Nthawi imeneyo mpweya wa m'kabini umachokera ku kainjini kakang'ono ka kumchira kotchedwa APU, kapena ndege imanyamuka yosapopedwa. Palibe cholakwika pamenepo, bola maswichi abwezeretsedwe ndege ikangokwera pang'ono. Koma imeneyo ndi nthawi yotanganidwa zedi: mafulapu akubwezedwa, a pansanja yoongolera ndege akusintha njira, mitambo ya mvula ili kutsogolo. Munthu akadulidwa pakati pa ntchito, ubongo umatha kuilemba ngati yatha. Pa 20 Seputembala 2018 ndege ya Jet Airways yochoka ku Mumbai kupita ku Jaipur inakwera maswichi a bleed asanatsegulidwe. Mamasiki anagwa, ndege inabwerera, ndipo okwera pafupifupi 30 anatuluka magazi m'mphuno kapena m'makutu. Magazi oterowo sabwera chifukwa cha kuchepa kwa okosijeni. Amabwera chifukwa cha kusintha msanga kwa pulesha, pamene mpweya wotsekeredwa kuseri kwa nembanemba ya khutu ndi m'mphako za m'mphuno ukulephera kulingana ndi wa kunja.

Ngakhale geji yeniyeniyo imanamiza wofulumira. Pa 737 cabin altitude ndi kusiyana kwa pulesha zili pa wotchi imodzi ya singano ziwiri. Zinthu zikamayenda bwino pokwera, singano ya kusiyana kwa pulesha imakwera pomwe ya kabini imatsalira m'munsi. Ndege ikakhala yosapopedwa zimatembenuka: ya kabini imakwera, inayo ili pafupi ndi ziro. Wongoponyapo diso amaona chithunzi chofanana, singano ina m'mwamba ina m'munsi. Choncho makampani ambiri anawonjezera kuyang'ananso pulesha podutsa mafiti 10,000, ndipo ena amabwereza pa mafiti 10,000 aliwonse mpaka ndege italeka kukwera, powerenga manambala mokweza.

Masiki kaye, kufufuza pambuyo

Pa 12 Meyi 1996 ndege ya Boeing 727 ya American Trans Air itafika mafiti 33,000 kuchokera ku Chicago, hutala ya kabini inalira. Kaputeni ndi injiniya wa m'ndege anayamba kukonza vutolo osavala masiki ndiponso osatsegula chekilisiti. M'kati mokonzamo injiniya anatsegula valavu yotulutsira mosadziwa, ndipo pulesha yotsalayo inathawa. Kaputeni anakomoka, injiniya anakomoka, ndi mkulu wa othandiza okwera amene anali mu kokipiti anakomokanso. Wachiwiri kwa kaputeni yekha ndi amene anali atavala masiki. Anatsitsa ndege, anzakewo anatsitsimuka, ndipo anakatera ku Indianapolis. Anthu anayi m'chipinda chimodzi, mpweya umodzi, ndipo chimene chinawasiyanitsa chinali masekondi 5 ovalira masiki.

Patapita zaka zitatu, pa 25 Okutobala 1999, ndege yaing'ono ya Learjet 35 imene inanyamula katswiri wa gofu Payne Stewart inachoka ku Orlando, inasiya kuyankha ikukwera, n'kuuluka yokha pafupifupi maola anayi mpaka kukagwa ku South Dakota. Anthu onse 6 anafa. Ofufuza a NTSB, bungwe la ku America lofufuza ngozi, anapeza kuti oyendetsa anakomoka chifukwa sanalandire okosijeni pulesha itatayika, ndipo anadandaula kuti malangizo a ndege zina ankalola munthu kuyamba wafufuza vuto asanavale masiki.

Lero dongosolo lake ndi lomveka, ndipo mbali yoyamba imachitika pamtima osatsegula buku. Pa 737 alamu ya kabini ikalira, oyendetsa onse awiri amavala masiki n'kuika pa 100 peresenti. Masiki yawo ndi yosiyana ndi ya okwera: imatengedwa ndi dzanja limodzi, ukafinya tizitsulo tofiira malamba ake amafufuma kuti mutu ulowe, ukasiya amagwira zolimba, ndipo imalandira okosijeni wa m'silinda. Chachiwiri amatsimikiza kuti akumvana kudzera pa maikolofoni ya m'masikimo. Kenako amaika swichi ya pulesha pa MAN n'kutseka valavu yotulutsira mpaka kumapeto. Kabini ikapitirira kukwera, amayatsa zizindikiro za malamba, amagwetsa mamasiki a okwera ndi swichi ngakhale atakhala kuti agwa kale, n'kuyamba kutsika mwachangu.

Potsikapo amabweza mphamvu ya injini, amatukula mabuleki a pamapiko, n'kuthamangitsa ndege kufika paliwiro lalikulu lololedwa. Ngati akukayika kuti ndege yang'ambika penapake sawonjezera liwiro, kuopa kukulitsa bala. Amalengeza Mayday, mawu a pawailesi osonyeza ngozi, amaika nambala ya ngozi 7700 pa transponder, chipangizo choonetsa ndege kwa a pansanja, ndipo a pansanja amapatutsa ndege zimene zili m'munsi. Kuchoka pa mafiti 35,000 kufika 10,000 kumatenga mphindi pafupifupi 4 kapena 5. Kwa okwera zimamveka ngati ndege ikugwa, koma ndi kutsika kochita kufuna. Amaima pa mafiti 10,000, kapena pamwamba pang'ono ngati pansi pali mapiri. N'chifukwa chake maulendo odutsa pa Himalaya, Andes kapena Greenland amakhala ndi njira zothawira zokonzedweratu ndege isananyamuke. Ndipo poti ndege imamwa mafuta ambiri ikamauluka m'munsi, maulendo a panyanja amawerengetsa mafuta poganizira kuti pulesha ikhoza kutayika pamalo otalikirana kwambiri ndi bwalo lililonse.

Zonsezi zimadalira kuti masiki ikupereka okosijeni, ndipo apanso pali msampha. Valavu ya silinda ikatsekedwa ndi amakanika, m'paipi mumatsalabe okosijeni wochepa moti geji imaonetsa bwino ndipo kuyesa kwa kamphindi kumamveka ngati zili bwino. Kuyesa koyenera ndi kutulutsa okosijeni kwa masekondi 5 uku ukuyang'ana geji. Singano ikagwa msanga kapena ikachedwa kubwerera, silindayo ndi yotseka kapena yatsegulidwa pang'ono chabe.

Ndege zatsopano zina, monga Airbus A350, zili ndi makina otsitsa ndege okha kabini ikapyola malire oyendetsa osayankha. Ndi chitetezo chabwino, ndipo chikanakhalapo mu 2005 nkhani ya Helios ikanatha mwina. Koma ndege zambiri zimene zikuuluka lero zilibe.

Kuseri kwa chitseko cha kokipiti

Masiki ya wokwera sinapangidwe kuti imusunge pamwamba nthawi yaitali. M'ndege zambiri pamwamba pa mzere uliwonse wa mipando pali kachitini ka mankhwala otchedwa sodium chlorate. Munthu akakoka masiki amasolola kapini, mankhwalawo amayamba kupsa n'kumatulutsa okosijeni kwa mphindi pafupifupi 12, pa ndege zina kupitirirako pang'ono, ndipo akayamba sazimitsika. Kachitiniko kamatentha kupyola madigiri 200, ndiye kafungo ka kupserera kamene kamamveka si moto. Kathumba ka pamasiki sikafufuma nthawi zonse, koma okosijeni amakhala akutuluka. Masiki iyenera kuphimba mphuno ndi pakamwa pomwe. Lamulo loti muyambe mwavala inu musanathandize mwana limachokera pa manambala aja: pa mafiti 35,000 mukhoza kukhala ndi masekondi 30 okha, ndipo mwana amene wakomoka kwa kanthawi amatsitsimuka akangovekedwa, pomwe kholo lokomoka silingaveke aliyense.

Mphindi 12 zimenezo zinawerengedwa poganiza kuti oyendetsa ayamba kutsika nthawi yomweyo. Pa Helios mamasiki anagwa ndege n'kumakwerabe, ndipo imeneyi ndi mfundo imene othandiza okwera amaphunzitsidwa kwambiri tsopano. Mamasiki akagwa, iwo amavala yomwe ili pafupi n'kukhala pansi. Koma akaona kuti ndege sikutsika, kapena ikukwerabe, sayenera kudikira poganiza kuti a kutsogolo akudziwa. Aimbe foni ya m'ndege n'kunena mawu achindunji kuti mamasiki agwa, ndipo popanda yankho atenge botolo la okosijeni n'kulowa pogwiritsa ntchito nambala ya mwadzidzidzi ya pachitseko. Chichitikireni zauchigawenga za pa 11 Seputembala 2001 ku America, zitseko za kokipiti zimakhala zokiya, motero zimene okwera onse akuona ndi maso awo zikhoza kukhala zosadziwika kwa anthu awiri okhawo amene angachitepo kanthu.

Pulesha imavulazanso ikatsala pamene sikufunika. Pa 20 Novembala 2000 ndege ya Airbus A300 ya American Airlines inabwerera ku Miami itangonyamuka chifukwa cha vuto la pulesha. Zofunda zoteteza kutentha za m'makoma zinali zitasuntha n'kutchinga mavalavu otulutsira, ndipo oyendetsa anali ataika makina pa manual. Pa auto mavalavu amatseguka okha ndege ikatera, koma pa manual amafunika kutsegulidwa ndi dzanja, ndipo chekilisiti imene imakumbutsa zimenezi sinatsatidwe. Ndege inaima ili yopopedwabe. Kaputeni atalamula kuti anthu atuluke, zitseko zinkakana. Mkulu wa othandiza okwera atalimbana ndi chitseko chakutsogolo, chinatseguka mwamphamvu n'kumuponyera pansi, ndipo anamwalira. Kusiyana kwa 1 psi kokha pachitseko cha masikweya mita awiri ndi mphamvu ya tani imodzi ndi theka pafupifupi. Motero ndege imene yakhala pa manual isanatsegulidwe, oyendetsa amatsegula valavu yonse n'kutsimikiza kuti geji ya kusiyana kwa pulesha ili pa ziro. Ndege zambiri za Airbus zili ndi nyali yofiira pachitseko imene imaphethira ngati m'kati mukadali pulesha, ndipo chitseko chikamalimba kuposa masiku onse, wotsegulayo amayenera kusiya chogwirira n'kuimbira kaye ku kokipiti.